Tikufuna kulimbitsa ana athu mtima pasukulu: tiyambire pati, nanga makolo alowe liti?

Funso

Ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya sekondale yomwe ili ndi ophunzira pafupifupi 600. Teremu yathayi mtsikana wina anayesa kudzipha, mwamwayi anapulumuka. Tilinso ndi anyamata amene ayamba mowa ndi ena amene angosiya kubwera. Komiti ya sukulu yagwirizana kuti tiyambe pulogalamu yolimbitsa ana mtima: tiziitana mlendo kamodzi pa teremu kudzawalankhula za kupirira, komanso tiike phunziro limodzi pa sabata la thanzi la m'maganizo. Makolo ndi atsogoleri a m'dera tidzawafotokozera tikamaliza kukonza. Kodi zimenezi zikwanira? Ngati ayi, tiyambire pati?

Yankho

Aphunzitsi, ndikuthokozeni kaye chifukwa nkhaniyi simunaikwirire. Pa ntchito yanga ya uphungu ndaonapo sukulu zimene zikagweredwa zotere zimathamangira kuteteza mbiri, mwana n'kumusamutsa mwakachetechete ngati iyeyo ndiye vuto. Inu mwasankha kufunsa, choncho nanenso sindizungulira: zimene komiti yakonzazi sizikwanira. Mlendo wa kamodzi pa teremu ana adzamuombera m'manja Lachisanu, pofika Lolemba aiwala. Phunziro la pa sabata lingathandize, koma palokha n'lochepa mphamvu. Ndipo pamene pandidetsa nkhawa kwambiri ndi pa mawu anu akuti makolo mudzawafotokozera "tikamaliza kukonza".

Tisanafike kumeneko, mtsikana uja. Iye sangadikire pulogalamu. Munthu amene anayesapo kudzipha amakhala pa chiopsezo chachikulu choyesanso, makamaka m'miyezi yoyambirira. Aonedwe ndi wazaumoyo wodziwa za matenda a maganizo, ndipo kusukulu akhale ndi wamkulu mmodzi wodzisankhira yekha amene azionana naye tsiku lililonse popanda kumupanikiza ndi mafunso. Makolo ake athandizidwe kuchotsa kapena kutsekera mankhwala, poizoni wa tizilombo ndi china chilichonse choopsa pakhomo. Nkhani yake isalengezedwe pa msonkhano wa ophunzira onse, njira imene anagwiritsa ntchito isatchulidwe, ndipo asalangidwe. Anzake apamtima muwaonenso, nawonso zawakhudza.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mmodzi mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la thanzi la m'maganizo, ndipo nkhawa yopitirira muyeso ndi matenda ovutika maganizo zili m'gulu la mavuto ofala kwambiri. Tikawerengera pa ana anu 600, ndiye kuti pafupifupi 85 amalowa m'kalasi m'mawa uliwonse atasenza chinachake. Ambiri simuwadziwa chifukwa savuta. Amene timawaona ndi aphokoso, omwa mowa ndi othawa m'kalasi. Wachete wa pa desiki ya kumbuyo, amene wangosiya kugona bwino ndi kuseka, amatidutsa tili chipenyere.

Mawu akuti "kulimba mtima" ndi "kupirira" ndimawaopa pang'ono, chifukwa akatuluka m'kamwa mwa akuluakulu amasanduka lamulo: limba mtima, usalire, anzako akuvutika kuposa iwe. Mwana amene akumenyedwa kunyumba kapena kupezereredwa m'kalasi akamva zimenezi amangotolapo chinthu chimodzi, kutseka pakamwa. Ofufuza akamanena za mwana wodzukanso atagwa satanthauza zimenezo. Emmy Werner anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atafika zaka 40. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a anawa linakulira m'mavuto aakulu: umphawi, mikangano ya m'banja, makolo odwala maganizo kapena oledzera. Mwa ana a m'mavutowa, mmodzi mwa atatu aliwonse anakula bwinobwino n'kukhala munthu wodalirika pa ntchito ndi m'banja. Chimene chinkaoneka mobwerezabwereza pa moyo wawo n'chakuti panali wamkulu mmodzi, kaya agogo, azakhali, mphunzitsi kapena woyandikana naye nyumba, amene sanawataye. Katswiri wina, Ann Masten, analemba mu 2001 kuti mphamvu imeneyi si yachilendo ayi, imamera pa zinthu wamba monga kukhala ndi wokukonda, kutha kuthetsa mavuto, ndi kudziwa kuti penapake ndiwe wofunika. Ndiye komiti isafunse kuti "tiwaphunzitse chiyani kuti alimbe?" Ifunse kuti "kodi mwana aliyense pano ali ndi wamkulu amene angamuthamangire, nanga n'chiyani pasukulu pano chimene chikumufooketsa?"

Ndikumvetsa chifukwa chimene phunziro la pa sabata likukopera komiti. Limalowa pa ndandanda ya maphunziro, ndipo kumapeto kwa teremu mutha kulemba mu lipoti kuti zinachitika. Umboni wake uli mbali ziwiri. Mu 2011 Joseph Durlak ndi anzake anaunika mapulogalamu 213, okhudza ana oposa 270,000, ophunzitsa kuzindikira mmene ukumvera, kuugwira mtima ndi kukhala bwino ndi anzako. Anapeza kuti khalidwe linasintha, kuvutika mumtima kunachepa, ngakhalenso zotsatira za m'kalasi zinakwera. Koma phindu lalikulu linali pa maphunziro okonzedwa motsatana bwino, amene ana amayeserera okha lusolo m'malo mongomvetsera. Mbali inayo ndi kafukufuku wa MYRIAD wa ku Britain, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Anachitika m'sukulu 84, pa ana oposa 8,000 a zaka 11 mpaka 14, ndipo aphunzitsi ophunzitsidwa bwino anapereka maphunziro khumi a njira yokhazika mtima pansi yotchedwa mindfulness. Patapita chaka, anawa sanasiyane ndi anzawo amene anangopitiriza maphunziro a masiku onse, ndipo panali zizindikiro zakuti ena amene anali kale pa chiopsezo sizinawayendere bwino. Ana ambiri sankayeserera n'komwe kunyumba. Ofufuzawo eni ake ananena kuti zinthu zotere ziyenera kukonzedwa pamodzi ndi achinyamatawo.

Kafukufuku amene ndimalakalaka mphunzitsi wamkulu aliyense atamudziwa anachitikira ku Bihar, limodzi mwa madera osauka kwambiri a India, m'sukulu za boma za sekondale zoposa 70 za m'boma la Nalanda. Pulogalamuyo inkatchedwa SEHER, ndipo mtima wake sunali phunziro la m'kalasi. Inali ndi komiti ya ana, makolo ndi aphunzitsi. Inali ndi bokosi loponyamo madandaulo, lomwe linkatsegulidwa ndipo nkhani zake zinkayankhidwa. Panalinso khoma lolembapo nkhani za ana, malamulo a sukulu oletsa kupezerera anzako ndi mankhwala ozunguza bongo, magulu a ana okhaokha, komanso uphungu wa payekha kwa wofuna. Sukuluzo zinagawidwa patatu mwa maere. Zina zinangopitiriza maphunziro a boma a luso la moyo. Kwina pulogalamu inapatsidwa kwa mphunzitsi wa pasukulupo. Kwina inapatsidwa kwa munthu wamba wophunzitsidwa, amene ntchito yake inali yomweyo basi. Zotsatira zinatuluka mu 2018 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Kumene kunali munthu wapadera uja ana anati mkhalidwe wa sukulu wasintha, kupezerera ndi nkhanza zinachepa, zizindikiro za matenda ovutika maganizo zinatsika. Kumene pulogalamu yomweyo inasenzetsedwa kwa mphunzitsi, sipanaoneke kusintha.

Musamve ngati ndikunena kuti aphunzitsi alibe mtima. Mphunzitsi ali kale ndi makalasi, mayeso oti achonge ndi silabasi yoti amalize. Ntchito yowonjezera ndiyo imayamba kugwa. Komanso n'kovuta kuti mwana atsegule mtima wake kwa munthu amene mawa adzamupatsa malikisi kapena chilango. Choncho ngati muli ndi ndalama zochepa, ine ndikanaziika pa munthu mmodzi wotere kusiyana ndi pa mabuku kapena alendo. Sakufunika digiri. Ku Kenya pulogalamu ya Shamiri, imene Tom Osborn anayambitsa ndi anzake, imagwiritsa ntchito achinyamata amene angomaliza sekondale kutsogolera timagulu ta ophunzira kwa ola limodzi pa sabata, masabata anayi okha. Amakambirana zakuti nzeru ndi luso zimakula munthu akamayesetsa, za kuyamikira, ndi za zimene munthu amaziona kuti n'zofunika pa moyo wake. Kafukufuku wa mu 2021 pa ophunzira 413 anaonetsa kuti nkhawa ndi kuvutika maganizo zinatsika kuposa kwa anzawo amene ankaphunzira njira zowerengera bwino, ndipo kusiyanako kunalipobe patapita miyezi 7. Chimene munthu wotere sangasowe ndi maphunziro oyambira, khalidwe losakayikitsa limene mwalifufuza bwino, ndi katswiri womuyang'anira amene azikambirana naye nkhani zovuta pafupipafupi. Kumusiya yekha n'kumupweteka iye ndi ana omwe.

Tsopano nkhani ya makolo ndi dera. Mwana amakhala kunja kwa mpanda wa sukulu nthawi yambiri kuposa mkati. Mowa amene mukudandaula nawo saugula m'kalasi, ndipo chimene chimamulepheretsa kugona chimachitika kunyumba kapena pa foni. Mukakonza zonse nokha n'kudzangowafotokozera, kholo lidzamva kuchokera kwa mwana kuti kusukulu akuwauza kuti azinena za m'nyumba, ndipo pomwepo chitseko chatsekedwa. Mutu umodzi susenza denga, koma anthu sasenzanso denga la nyumba imene sanafunsidwe pomanga.

Yambani ndi kufunsa ana. Konzani mafunso ochepa oyankha mosalemba dzina, kenako timagulu ta anthu 6 mpaka 8, anyamata paokha atsikana paokha, totsogoleredwa ndi munthu amene si mphunzitsi wawo. Afunseni kuti amagona maola angati, poti wachinyamata amafunika maola 8 mpaka 10. Afunseni kuti atakumana ndi vuto lalikulu angauze ndani pasukulupo, ndipo werengani amene ayankhe kuti "palibe". Apatseni pepala ajambule mapu a sukulu ndi njira zobwerera kunyumba, achonge malo amene amaopa kudutsa. Ine njira ya mapuyi ndimaikonda kwambiri chifukwa ngakhale mwana wamanyazi amatha kuloza ndi pensulo chimene sangachitchule pakamwa. Mayankho adzakudabwitsani ndi kuphweka kwake: zimbudzi zopanda zitseko, kuwerenga zotsatira za mayeso pagulu mpaka kutchula womaliza, mphunzitsi amene nthabwala zake n'zonyoza thupi la mwana, zithunzi zoyenda m'magulu a WhatsApp usiku. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama kuti zithe, zimafuna kuti wina avomere kuti zilipo.

Mukasonkhanitsa mayankho, apititseni kwa makolo ali osaphika, manambala okha opanda mayina, n'kufunsa kuti "mukuziona bwanji?" Umu ndi mmene dziko la Iceland linachitira. Mu 1998, achinyamata 42 mwa 100 aliwonse a zaka 15 ndi 16 kumeneko ankati analedzerapo m'mwezi wapitawo. Pofika mu 2016 chiwerengerocho chinali 5. Iwo sanachulutse maulaliki oletsa mowa. Ankafunsa ana kawirikawiri, n'kubweza zotsatira ku sukulu ndi dera lililonse zikadali zatsopano. Makolo ankapangana okhaokha pa zinthu monga nthawi yoti ana akhale atalowa m'nyumba ndi kucheza nawo mokwanira, ndipo maboma a m'madera anaika ndalama pa masewera ndi zaluso za ana akaweruka. Iceland ndi dziko laling'ono lolemera, ndipo chimene ankayeza kwambiri ndi mowa ndi fodya osati kuvutika maganizo, choncho musatengere zonse. Chimene ndikufuna mutengeko n'chakuti kholo likaona manambala a ana a pasukulu yake yomwe, limasiya kunena kuti "ana a masiku ano" n'kuyamba kunena kuti "ana athu".

Samalani ndi amene akhale m'komiti yokonza. N'zosavuta kutenga ophunzira otsogolera anzawo, odziwa kulankhula, n'kunena kuti ana analipo. Roger Hart, polembera UNICEF mu 1992, anayerekeza kutengapo mbali kwa ana ndi makwerero, ndipo chakumunsi kwake anaikako kugwiritsa ntchito ana ngati chokongoletsa msonkhano. Itanani wobwereza kalasi, wolumala, wokhala ndi achibale osati makolo ake, amene anasiya sukulu n'kubwerera, ngakhale mmodzi mwa anyamata omwa mowa aja. Kuti mudziwe ngati akutengadi mbali, dzifunseni ngati pali chinthu chimene komiti inafuna koma n'kuchisintha chifukwa ana anakana. Kwa akuluakulu, kupatula makolo, mufunika wazaumoyo wa chipatala chapafupi, atsogoleri a zipembedzo, wophunzitsa masewera, ndi woona za chitetezo cha ana m'dera lanu. Abambo musawalole kutumiza amayi okha.

Pa msonkhano woyamba musabwere ndi mayina a matenda. Makolo akamva kuti "matenda a maganizo" ambiri amaganiza za misala, n'kunena kuti mwana wawo alibe zimenezo. Afunseni kuti mwana amene wasintha, sakudya, sakucheza, amati watani. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda poyambitsa Friendship Bench, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa amapereka uphungu atakhala pa benchi, anamanga ntchito yonse pa mawu a Chishona akuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Anthu anabwera chifukwa mawuwo anali awo. Padzakhalanso ena amene adzati vutoli n'lauzimu ndipo lifunika mapemphero. Musalimbane nawo. Gwirizanani chinthu chimodzi cholembedwa: mwana amene moyo wake uli pa chiswe apita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mapemphero apitirire limodzi ndi chithandizo, osati m'malo mwake.

Pali nkhani ina imene ingakuwaweni, koma ana adzaitchula: nkhanza za akuluakulu a pasukulupo. Sukulu siingaphunzitse mwana kuugwira mtima m'mawa n'kumukwapula masana. Ku Uganda, bungwe la Raising Voices linayesa Good School Toolkit m'sukulu za pulayimale 42 za m'boma la Luwero. Patatha miyezi 18, ana 31 mwa 100 aliwonse m'sukulu za pulogalamuyi anati wogwira ntchito pasukulu anawamenya m'sabata yapitayo, pamene m'sukulu zinazo anali 49. Zizindikiro za thanzi la m'maganizo sizinasinthe m'nthawi imeneyo, choncho kuchotsa ndodo pakokha si mankhwala a zonse. Koma popanda kuichotsa, bokosi la madandaulo lidzakhala lopanda kanthu. Aphunzitsi anu afunika kuthandizidwa kupeza njira zina zosungira mwambo m'kalasi lodzaza, ndipo nawonso ali ndi zowalemera zawo zimene wina ayenera kuzimva.

Za kudzipha, musaope kuzitchula, koma muzitchule mwadongosolo. Kufunsa mwana mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Kafukufuku waonetsa zimenezi mobwerezabwereza, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Pulogalamu ya YAM (Youth Aware of Mental Health), yothandiza achinyamata kuzindikira za thanzi la m'maganizo, inayesedwa m'kafukufuku wokhudza sukulu 168 za m'mayiko 10 a ku Ulaya ndi ana pafupifupi 11,000. Inali ya maola 5 okha, ana akuchita timasewero ta zimene amakumana nazo n'kukambirana kuti akanatani, motsogoleredwa ndi anthu ochokera kunja kwa sukulu. Zotsatira za mu 2015 zinaonetsa kuti patapita chaka, oyesa kudzipha anali pafupifupi theka la a m'sukulu zimene munalibe pulogalamuyi. Izi n'zosiyana kutalitali ndi mlendo woima kutsogolo kwa ana 600 akusimba nkhani zomvetsa chisoni, zimene kwa mwana wovutika kale zingathe kukhala zovulaza.

Musanatsegule bokosi la madandaulo kapena kuuza ana kuti "bwerani mudzatiuze", lembani pa tsamba limodzi chimene chidzachitike mwana akabweradi. Ndani adzamumvera? Akafunika chipatala, apita kuti, ndi ndani, pa chiyani? Nanga wotchulidwa kuti akumuzunza akakhala kholo lake kapena mphunzitsi mnzanu, nkhani ipita kwa yani molingana ndi malamulo a dziko oteteza ana? Mwana auzidwe poyambirira penipeni kuti zimene anene zisungidwa mwachinsinsi, kupatula ngati iye kapena wina ali pangozi, ndipo ngakhale apo adzauzidwa kaye asanauzidwe ena. Chinsinsi chimodzi chikatulukira m'chipinda cha aphunzitsi, ntchito ya chaka chonse yatha. Pa chifukwa chomwechi, sindikulangizani kuyeza ana onse matenda a maganizo ngati mulibe kowatumiza. Mudzapeza ana makumi angapo, n'kuwasiya atatsegula mabala.

Chaka choyamba sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zokha kuchokera pa zimene ana ndi makolo atchula, ndipo chimodzi chikhale choti chioneke m'masabata ochepa, monga zitseko za zimbudzi kapena kusiya kuwerenga zotsatira pagulu. Ana akaona kuti zimene ananena zachitika, ndi pamene amayamba kunena zazikulu. Chaka chikatha bwerezani mafunso omwe aja, muone ngati oyankha kuti "palibe amene ndingamuuze" achepa, muonenso kaundula wa ojomba. Makalata m'bokosi akachuluka m'miyezi yoyamba musachite mantha; mavutowo analipo kale, chasintha n'chakuti ana ayamba kukukhulupirirani.

Ola la pa sabata lija lisungeni, koma lipatseni timagulu toyeserera luso m'malo mwa kulemba notsi, ndipo lisakhale ndi mayeso. Mlendo naye mutha kumuitana, koma akhale wazaumoyo wodzakhala pansi ndi aphunzitsi ndi makolo kuwaphunzitsa kuzindikira mwana wovutika ndi kulankhula naye. Kalata yoitanira makolo ipite mwezi uno, pepala la pulogalamu lisanalembedwe.

Mtsikana uja musamuike patsogolo ngati chitsanzo kapena kumupempha kuti apereke umboni kwa anzake, ngakhale atakhala kuti akuoneka bwino. Ana onse akudziwa chimene chayambitsa zonsezi, ndipo iye akudziwa kuti akudziwa. Muloleni abwerere kukhala wophunzira wamba. Ngati tsiku lina adzafune yekha kulowa m'komiti, mpando ukhalepo.